Kachithumwa ka Agogo Nabanda: lipoti la mlandu wa ku Mabvuku

Ndine loya, ndimagwira ntchito m'tauni muno mu Harare, ndipo Loweruka lina ndi lina ndimakhala pa tebulo la bungwe lathu la maliro kuthandiza anthu a kwathu pa nkhani za zitupa, chuma cha masiye ndi mikangano ya nyumba. Nkhani iyi, ya mayi wokalamba amene anagwa usiku atavala kachipangizo koitanira thandizo ka kampani ina, koma osalira, inandipeza pa tebulo lomwelo mu Julayi 2024. Banja linandilola kuilemba. Mayina ndasintha, ndipo kampani ndi chipatala sindizitchula.

Mwini nkhani

Ndiwatcha Agogo Nabanda. Anabadwira ku Dedza, ndipo anafika ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, mu 1961, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kutsatira amuna awo amene ankaphika m'nyumba ya mzungu ku Highlands. Amunawo anatsogola kalekale. Pamene ngoziyi inkachitika agogo anali ndi zaka 82, akukhala ku Mabvuku m'nyumba yawo, chipinda chimodzi atachita lendi. Diso lakumanzere lili ndi ng'ala, lakumanja limaona mwa apo ndi apo. Mwana wawo wamkazi ali ku Johannesburg. Amene amawasamala ndi mdzukulu, Chikondi, mtsikana wa zaka 23 wogulitsa zovala za kaunjika ku Mbare.

Chitupa chawo n'cha mlendo mpaka lero. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, pa gawo 43, anapereka unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC, choncho ana ndi adzukulu anapindula, koma agogo obadwira ku Dedza ayi. Lamulo la Older Persons Act la 2012 likamati munthu wokalamba limanena nzika ya zaka 65 kupita m'tsogolo. N'chifukwa chake funso loyamba la banja linali lakuti, "Kodi mlendo angasumire kampani ya kuno?" Angathe. Lamulo la chipukuta misozi silifunsa chitupa, ndipo gawo 82 la malamulo oyendetsera dziko, lonena za ufulu wa okalamba, limatchula anthu opitirira zaka 70 osati nzika zokha.

Chipangizocho

Achinyamata atatu, awiri odziwa zamagetsi ndi mmodzi wa mapulogalamu a kompyuta, anapanga kachipangizo kovala m'khosi, kakukula ngati bokosi la machesi. M'kati muli simu khadi, batire, ndi kachida komva kugwedezeka. Munthu akagwa, kapena akadina batani, kamatumiza meseji ku manambala atatu n'kuimba ku nambala yoyamba. Cholinga chinali chabwino, ndipo sindikayika. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kugwa kumapha anthu pafupifupi 684,000 pa chaka padziko lonse, ambiri mwa iwo opitirira zaka 60, ndipo pa ngozi zopha anthu kumaposedwa ndi za pamsewu zokha. Vuto si kugwa kokha ayi, komanso maola amene munthu amakhala pansi wopanda womudzutsa.

Anafika kudzera ku mpingo, napeza okalamba khumi ndi anayi. Kuyambira Febuluwale ankakumana nawo kamodzi pa masabata awiri mu holo ya tchalitchi, tiyi ndi buledi zilipo. Okalambawo analipatsa dzina chipangizocho tsiku loyamba lomwe: kachithumwa. Mkulu wa mpingo wina anakana kukavala poyera, ati anthu aziti wayamba zamankhwala, mpaka anachisintha chingwe chakuda n'kuika chabuluu.

Aliyense ankalipira madola awiri a ku America pa mwezi, a netiweki. Mfundo imeneyi inadzakhala yaikulu pambuyo pake.

Mlembi wa gululo anali bambo wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo ankalemba zonse m'kope la sukulu, mwa Chichewa chosakaniza ndi Chishona monga timayankhulira kuno. Kope limenelo ndilo linasenza mlanduwu. Zinthu ziwiri za m'menemo ndi izi.

Pa 9 Malichi okalamba anadandaula kuti kachithumwa kakulira kwambiri. Akati akhale pa mphasa, kalira. Akagwada m'tchalitchi, kalira. Mayi wina anati mwana wake ku Joni anaimba katatu tsiku limodzi, mtima uli m'mwamba, pamene iye ankangowaza nkhuni. Anapempha kuti kachepetsedwe makani. Opanga anamvera: anasintha pulogalamu kuti kazimva kugwa kwamphamvu kokha, ndi kuti batani lizigwira munthu akalipanikiza masekondi atatu.

Pa 23 Malichi anadandaula za batire. Chaka chimenecho kunali chilala, madzi ku damu la Kariba, kumene amapanga magetsi, anali ochepa, ndipo magetsi ankabwera pakati pa usiku n'kuchoka kusanache. Batire inkatha tsiku limodzi ndi theka. Chizindikiro chakuti yatsala pang'ono chinali kanyale kofiira kochepa ngati mutu wa singano. Mlembi analemba mawu a Agogo Nabanda momwe anawanenera: "Ana inu, kanyale kanuko ine sindikaona. Kazilankhula. Kakafa kazinena kuti ndafa." Pansi pake analemba yankho la opanga: "Tiona pa mtundu wachiwiri." Pempho limeneli linabwerezedwa pa misonkhano ina iwiri, ndipo yankho linali lomwelo.

Usiku wa ngozi

Lachitatu lina mu Juni, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, agogo anatuluka kupita kuchimbudzi, chomwe khomo lake lili panja. Madzi a m'mipope ku Mabvuku ndi nkhani yakale, motero ananyamula kandowa ka madzi othira. Pa sitepe panali ponyowa. Phazi linatereka, iwo n'kutsamira khoma, n'kutsetsereka nalo mpaka pansi, ndipo fupa la ntchafu linathyoka pafupi ndi chiuno. Akuti anapanikiza batani kambirimbiri, mpaka chala chinachita dzanzi. Anaitana, koma mawu sanapite patali. Mnyamata wa lendi ndiye anawapeza cha m'ma 7 akutuluka kupita kuntchito, chitenje chitanyowa ndi madzi a m'ndowa, thupi lili zii. Amene anagonapo mu Harare mwezi wa Juni akudziwa kuzizira kwa nthawi imeneyo.

Anachitidwa opaleshoni, ndipo tsiku lachitatu chibayo chinawagwira. Anakhala m'chipatala masiku 19.

Zolemba za pa kompyuta ya kampani, zimene anatipatsa titalemba kalata kawiri, zinaonetsa kuti chipangizocho chinazima nthawi ya 9:40 usiku wa dzulo lake. Uthenga wakuti chazima unafika pa kompyuta yawo. Palibe anauwerenga, ndipo panalibe dongosolo loti upite kwa Chikondi.

Nanga Chikondi anali kuti? Apa ndi pamene ndinaima nthawi yaitali. Kwa zaka zinayi mtsikanayu ankagona pansi m'chipinda cha agogo ake, ndipo agogo akadzuka usiku iye ankadzukanso. Mu Epulo anayamba kugona kwa mnzake ku Mbare masiku atatu pa sabata kuti azipeza mabelo a zovala m'mawa, osalimbana ndi makombi. Ndinamufunsa chifukwa chake anayamba nthawi imeneyo osati kale. Anayankha akulira: "Anatiuza kuti foni ilira. Ndinkagona nayo pamutu, a loya."

Zimene kampani inayankha

Loya wa kampani anabweretsa mfundo zitatu. Yoyamba, agogo anadinda chala pa fomu yomwe imati iwo ndi mnzawo wopanga nawo chipangizo, akudziwa kuti n'choyeserera, ndipo sadzaimba kampani mlandu pa china chilichonse. Yachiwiri, okalamba eni ake ndiwo anapempha kuti kamvedwe ka kugwa kachepetsedwe. Yachitatu, kutchaja inali ntchito ya agogo ndi banja lawo.

Mfundo yachiwiriyo ndiyo inandiwawa, chifukwa imamveka bwino ukangoimva. Wapempha wekha, walandira, udandaulanji? Koma taonani chimene okalamba anapempha. Anati kasiye kulira akagwada. Sananene kuti kasamve munthu akatsetsereka ndi khoma. Kuti zinthu ziwirizi n'zomangirirana, kuti ukachepetsa kulira kwabodza umachepetsanso kumva kugwa kwapang'onopang'ono, anadziwa ndi opanga okha. M'kope mulibe mzere ndi umodzi womwe wosonyeza kuti anawafotokozera. Ukamuuza mmisiri kuti khomo langa likulimba potsegula, iye n'kuchotsa loko osakuuza, akuba akalowa sanganene kuti munafuna nokha. Wokalamba amadziwa thupi lake, nyumba yake ndi manyazi ake. Manambala a m'pulogalamu si ake, ndipo amene ali ndi mphamvu yowasintha ndiye amayankha za iwo.

Ndinaonjeza kuti mfundoyi inalibenso ntchito pa usiku umenewo. Chipangizo chinali chitazima maola opitirira asanu ndi limodzi agogo asanagwe. Kaya chikanakhala chakuthwa makutu chotani, chakufa sichimva.

Lamulo lake

Pa milandu ya kuvulazana mosasamala Zimbabwe imatsata lamulo la Roman-Dutch, ndipo makhothi athu amagwiritsa ntchito muyeso wa mlandu wa Kruger v Coetzee, womwe khothi la apilo la South Africa linagamula mu 1966. Mafunso ake ndi osavuta: kodi munthu wanzeru zake, ali pamalo a woimbidwa mlandu, akanaona kuti choipa chingachitike? Kodi akanachitapo kanthu kuchipewa? Nanga woimbidwa mlanduyo anachita?

Pa milandu yambiri funso loyambalo ndilo limatitayitsa nthawi, chifukwa aliyense amati sindinaganize kuti zingatero. Kuno kunalibe kulimbana. Ngozi inanenedwa ndi mwini wake, dzina lake lili pambali, pa 23 Malichi, ndipo inabwerezedwa kawiri. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo awa anagonera miyezi itatu m'kope. Misonkhano imene kampani inkafuna kubisalamo ndiyo inasonyeza kuti inkadziwa. Njira yopewera inalinso yotsika mtengo: ngakhale mawu olankhula akanadikira mtundu wachiwiri, meseji imodzi yopita kwa wosamala batire ikatsika inali ntchito ya tsiku limodzi. Wa mapulogalamu uja anavomera yekha pamaso pa loya wake.

Za fomu sindinachedwepo. Inde, lamulo limati wosaina wamangidwa ndi chimene wasaina. Koma kuti munthu anenedwe kuti anavomera ngozi, ayenera kuidziwa, kuimvetsa kukula kwake, kenako n'kuivomera, ndipo makhothi amawerenga mopanikiza mawu othawira mlandu. Fomuyi inali ya masamba anayi m'Chingerezi. Inamasuliridwa pakamwa m'Chishona, mwachidule, mu holo yaphokoso, kwa mayi wa ng'ala amene amapemphera ndi kulota m'Chichewa. Chichewa ndi chimodzi mwa zinenero 16 zimene gawo 6 la malamulo a dziko lino limazindikira, ndipo omasulira analipo khumi mu holo momwemo. Ndinawafunsa agogo chimene anamva kuti akudindira. Anati, "Kuti ndalandira katundu wa eni."

Tinatchulanso lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2019, imene imaika udindo pa wopanga ndi wogulitsa katundu akavulaza munthu chifukwa cha chilema chake kapena malangizo osakwanira. Apa tinasiyana ndi mnzanga wa mbali inayo. Iye anati agogo sanali wogula, anali woyesa. Ine ndinati wolipira madola awiri mwezi ndi mwezi, n'kumalandira lisiti, ndi kasitomala, ndipo sungamutche mnzako wopanga naye pa fomu koma wolipira pa lisiti n'kusankha dzina lokukomera tsiku la mlandu. Woweruza sanaimve mfundoyi popeza sitinafike kukhothi.

Panali zina ziwiri zimene zinawafewetsa. Sanapite ku Medical Research Council of Zimbabwe, bungwe loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo, kukapempha chilolezo, ati uku kunali kuyesa katundu, osati kafukufuku. Kuveka okalamba odwala chipangizo chosatsimikizika, n'kumalemba zimene zikuwachitikira kuti uphunzirepo, ine ndimakutcha kafukufuku, ndipo chikalata cha Helsinki, chimene chimatsogolera kafukufuku wa zaumoyo pa anthu kuyambira 1964, chimati wovulala chifukwa chotenga nawo mbali apatsidwe chithandizo ndi chipukuta misozi. Kampani inalibe inshulansi ya zimenezi. Chinanso, mayina, matenda ndi mayendedwe a okalambawo ankaikidwa pa gulu la WhatsApp la ogwira ntchito, pamene Cyber and Data Protection Act ya 2021, yomwe bungwe la boma loona za mafoni ndi intaneti la POTRAZ limayang'anira, imafuna chilolezo cholembedwa pa nkhani za umoyo wa munthu. Fomu ija inalibe mawu amenewo.

Pamene mlandu wathu unali wofooka

Banja linabwera likufuna kuti kampani ilipire zonse, opaleshoni ndi mwendo womwe. Ndinawauza zoona pa msonkhano umene atsibweni a Chikondi, mwana wamwamuna wamkulu wa agogo, anaitanitsa, mayi a ku Johannesburg akumvera pa foni. Kachithumwa sikanagwetse agogo. Sitepe yonyowa ndiyo inawagwetsa, ndipo fupa likanathyoka ngakhale foni ikanalira nthawi yomweyo. Chimene tikanatha kuimba kampani ndi maola atatu a pansi pozizira ndi zimene anabala. Dokotala amene anawaona analemba mosamala kuti kuzizidwa ndi kuchedwa kunawonjezera mpata wa chibayo, koma sanalembe kuti ndiko kunachibweretsa, pakuti chibayo chimagwira okalamba ambiri ogona pambuyo pa opaleshoni yotere.

Atsibweniwo anakwiya. "Ndiye mwatiitanira chiyani, mayi, ngati mwendo wa amayi anga ulibe mwini?" Ndinati mwendo ulibe, koma maola atatu aja ali ndi mwini.

Mfundo yakuti Chikondi akanakhala m'chipinda kachithumwa kakanapanda kubwera inali yamphamvu, komanso yoopsa. Inkaonetsa kuti banja linasintha kasamalidwe chifukwa chokhulupirira lonjezo la kampani, ndipo opanga akanayenera kuyembekezera zimenezo, popeza kapepala kawo kotsatsa malonda kankati osamala apume. Koma kukhothi mtsikanayu akanafunsidwa maola ambiri chifukwa chake anasiya agogo ake okha, ndi chifukwa chake sanatchaje asanachoke. Lamulo la Damages Apportionment and Assessment Act limalola khothi kudula chipukuta misozi molingana ndi gawo la kusasamala kwa wodandaula mwini, ndipo mbali inayo ikanayesa kukankhira gawo lalikulu kwa agogo ndi mdzukulu wawo. Yankho tinali nalo, lakuti magetsi anali asanabwere maola 30 ndipo tchaja ya sola sinaperekedwe, koma Chikondi anali atasiya kale kudya bwino. Lamulo limapereka zaka zitatu zoti munthu asume, choncho nthawi inalipo. Ya agogo ndiyo inali yochepa, ndipo kampani ya achinyamata atatu ikanagwa mlandu usanathe, ife n'kutsala ndi chigamulo cha papepala.

Mgwirizano

Tinakumana mu holo yomwe ija mu Seputembala, agogo ali pa njinga ya olumala. Mtsogoleri wa kampani anayamba kuwerenga mawu amene loya wake anamulembera. Agogo anamudula. "Mwana wanga, pepalalo liike. Ine ndinakuuza kapena sindinakuuze?" Mnyamatayo anayang'ana loya wake, kenako anagwada. "Munandiuza, gogo." "Basi, ndimafuna chimenecho. Zandalama lankhulani ndi awa."

Anavomera kulipira masiku a m'chipatala a chibayo, choyendera, ndi malipiro a mayi wothandiza pakhomo kwa miyezi isanu ndi umodzi, m'magawo anayi, m'madola a ku America. Banja linakana ZiG, ndalama imene inali itangotuluka mu Epulo chaka chomwecho. Opaleshoni analipira mayi a ku Johannesburg ndi thandizo la mpingo.

Gawo lachiwiri la mgwirizano linali la okalamba khumi ndi atatu otsalawo, ndipo ndinalilimbikira kuposa ndalama. Mawu othawira mlandu anachotsedwa pa fomu. Fomu yatsopano ndi ya tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chishona, imawerengedwa mokweza kwa munthu mmodzimmodzi kunyumba kwake, wosamala ali pomwepo, ndipo mzere wake woyamba umati chipangizochi chikhoza kulephera, musasiye wokalamba yekha usiku chifukwa cha icho. Dandaulo lililonse lokhudza chitetezo limayankhidwa molemba pasanathe masiku 14: tachita, kapena sitichita pa chifukwa ichi, ndipo pakadali pano dzitetezeni motere. Akafuna kusintha chinthu chimene okalamba apempha, ayambe anena chimene chitayike posinthapo. Kuyesa kunaima kufikira atapeza chilolezo cha kafukufuku ndi inshulansi.

Mmodzi wa achinyamatawo anandiuza panja kuti ngati zili choncho kuli bwino kusafunsa okalamba n'komwe, popeza chilichonse chimene anena chimasanduka umboni. Ndinamumvetsa, koma akulakwa. Osafunsa sakuchotsera mlandu, chifukwa muyeso uja umafunsa zimene ukanayenera kuona, osati zimene unasankha kumva. Ndipo akanapanda kufunsa, bwenzi akugulitsa chipangizo cha chingwe chakuda chimene anthu amachibisa m'kabati Lamlungu. Mu Harare momwe muno, ntchito ya Friendship Bench, yothandiza anthu ovutika maganizo, imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006 inakula chifukwa agogo aakazi anaipatsa mawu awo ndi njira zawo zochezera ndi munthu wosweka mtima, koma agogowo akakumana ndi wodwala kwambiri amamutumiza kwa akatswiri, sasiyidwa nawo okha mtolowo. Ndinamuuzanso kuti ngati akulota zodzagulitsa ku Ulaya, lamulo la European Union la 2024 limawerenga pulogalamu ya kompyuta ngati katundu amene wopanga amayankha akavulaza munthu.

Momwe zilili

Mtundu wachiwiri unatuluka ndi tchaja ya sola, ndipo batire ikatsika umatumiza meseji kwa wosamala n'kulankhula. Mawu ake ndi a aphunzitsi aja a kope, amene anajambulidwa akunena kuti, "Moto watha, ndipatseni moto." Agogo Nabanda anakana kuuvala. Amayenda ndi choyendera kuchoka pabedi kufika pakhonde, ndipo usiku amagwiritsa ntchito ndowa m'chipinda. Chikondi anabwerera kukagona pansi pambali pawo, ndipo mabelo a ku Mbare amawapeza atasankhidwa kale ndi anzake. Ku misonkhano agogo amapitabe, ati tiyi wake ndi wabwino, ndipo ndiwo amayamba kufunsa ngati yankho la masiku 14 labwera.

Magawo atatu a ndalama analipidwa pa nthawi yake. Lachinayi linachedwa miyezi iwiri, ndipo linabwera nditalemba kalata ina. Fayilo ndinaitseka mu Meyi 2025. Kope lija ndinalibweza kwa aphunzitsi, nditasunga mafotokope a masamba a pa 9 ndi pa 23 Malichi.